Mukufuna kutsogolera bandi ndi kuphunzitsa nyimbo? Kandodo kadikire kaye

Funso ili landipeza kambirimbiri, ndipo limakonda kundipeza nthawi yolakwika: konsati yangotha, thukuta lili kamukamu, ndikuwerenga mipando ndi zida kuti pasasowe kanthu. Pamenepo pamatulukira mnyamata kapena mtsikana, kawirikawiri uja amaliza bwino lipenga, n'kuti, "Aphunzitsi, inenso ndikufuna kudzaima pamene mumaima inu paja. Ndiyambire pati?" Ena safunsa n'komwe za poyambira, amangofuna kudziwa kogula kandodo kotsogolera nako bandi. Yankho la mphindi ziwiri silikwana, ndiye ndalemba kamodzi kuti wotsatira ndizingomulozera pano.

Tigwirizane kaye mawu. Bandi imene ndikunena ndi ya zida zouzira ndi ng'oma: malipenga, trombone, tuba, clarinet, saxophone, zitoliro, kaya ndi ya sukulu, ya mpingo, ya asilikali kapena ya apolisi. Kondakitala ndi woima kutsogolo uja. Score ndi buku lake, mmene manotsi a zida zonse amasanjikizana patsamba limodzi, zitoliro pamwamba, tuba ndi ng'oma pansi. Woimba aliyense amapatsidwa mzere wake wokha, umene timati part. Mudziwiretunso kuti ola limodzi la konsati limabadwa m'maola ambirimbiri a m'chipinda choyesereramo. Pantchito imeneyi ndinu mphunzitsi tsiku lililonse, kondakitala mwa apo ndi apo. Ngati kubwereza chinthu chimodzi kakhumi kwa mwana wazaka 11 kumakupsetsani mtima, siyirani pompano.

1. Gwirani chida chimodzi mpaka chikuzolowereni

Simufunika kukhala katswiri woposa onse m'bandi, koma muyenera kudziwa m'thupi mwanu mmene milomo imalemera mukaliza lipenga mphindi 40, ndi mmene mtima umagundira mukamadikira kulowa nokha pambuyo pokhala chete nthawi yaitali. Amene sanakhalepo pampando wa woimba amapempha zosatheka. John Philip Sousa, amene anatsogolera bandi ya asilikali a Marine ku America kuyambira 1880 mpaka 1892, analowa m'bandi imeneyo ali ndi zaka 13 monga wophunzira, ndipo chida chake chenicheni chinali violin. Khalani m'bandi zaka zingapo, pansi pa makondakitala osiyanasiyana. Wabwino akuphunzitsani zochita, woipa akuphunzitsani zoleka, ndipo wachiwiriyu maphunziro ake saiwalika.

2. Phunzirani kuwerenga manotsi a pamizere isanu, ndipo gwirani piyano

Ngati munayambira ku kwaya ndi do re mi, musachite nazo manyazi. Khutu lanu lili kale patsogolo, chifukwa sol-fa imaphunzitsa kumva mtunda wa pakati pa notsi ndi inzake. Koma score ya bandi imalembedwa pamizere, ndipo muyenera kuwerenga treble clef, ya mawu apamwamba, ndi bass clef, ya mawu apansi, mofanana, osawerengera ndi chala. Piyano kapena kiyibodi yaing'ono ndi yokwana. Simukufuna kudzaimba konsati ya piyano, mukungofuna kuti mukaona manotsi anayi osanjikizana muwagwire n'kumva chimene akupanga.

3. Dziwani kuti zida zina zimanama

Apa ndi pamene ambiri amayamba kugwa ulesi. Woliza lipenga la B-flat akawerenga C, chimene chimamveka ndi B-flat. Clarinet wamba n'chimodzimodzi. Alto saxophone ikawerenga C, pamamveka E-flat. French horn ikawerenga C, pamamveka F. Chitoliro ndi oboe, pamodzi ndi trombone ndi tuba zikalembedwa mu bass clef, zimanena dzina loona la notsi. Choncho mukafuna kuti bandi yonse ilize B-flat imodzi pochuna, lipenga ndi clarinet ziliza C, alto saxophone iliza G, horn iliza F, chitoliro chiliza B-flat. Mukangoti "tonse B-flat" osanena kuti ndi ya pa piyano, imene timati concert B-flat, mudzamva disikodi imene simunaimvepo.

M'bandi ya malipenga okhaokha ya mtundu wa ku Britain zinthu zinaphweka mbali ina: zida zonse, ngakhale tuba, zimawerenga treble clef kupatula bass trombone. Ubwino wake, mwana amene waphunzira zala pa cornet angasamukire ku euphonium osayambanso. Funsani msanga kuti bandi yanu ikutsata dongosolo liti musanagawe mapepala.

Kenako bwerekani chida cha m'gulu lililonse, mukhale nacho miyezi ingapo. Mudzamveka moipa, ndipo n'chimene tikufuna. Pokhapokha mutalimbana nokha ndi clarinet m'pamene mudzamvetsa chifukwa chake ana amalira pochoka pa B-flat wapakati kupita pa B, pamene zala zonse zimatseka mabowo nthawi imodzi. Mudzadziwa kuti trombone ili ndi malo 7 a slide, mpope uja wokankha ndi kukoka, ndipo dzanja la mwana wamng'ono silifika pa malo a 7. Mudzadziwa kuti kabango kong'aluka ka saxophone kamaliritsa chida ngati mwana wa mbuzi, ndipo vuto si mwanayo.

4. Manja

Izi n'zimene mumafuna kumva, koma n'zachidule. Mabiti anayi: pansi, kumanzere, kumanja, m'mwamba. Atatu: pansi, kumanja, m'mwamba. Awiri: pansi, m'mwamba. Nyimbo ya 6/8 ikakhala yothamanga imamenyedwa pawiri. Biti loyamba la bar, kagawo ka nyimbo kokhala ndi mabiti owerengeka, nthawi zonse limapita pansi, chifukwa woimba amene wasochera amayang'ana pomwepo kuti abwerere. Dzanja lamanja lisunge nthawi, lamanzere lilowetse anthu ndi kukweza kapena kutsitsa mawu. Likasowa chonena likhale phee, lisamangotsanzira linzake.

Chofunika kuposa zonsezi ndi biti limene silimveka, lija la m'mwamba nyimbo isanayambe. Oimba anu amauzira, ndiye ayenera kukoka mpweya, ndipo amakoka pa biti limenelo. Kokani nawo limodzi, pa liwiro lenileni la nyimboyo. Mukakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwetsa mwaliwiro, theka la bandi lilowa mochedwa, ndipo wolakwa ndinu. Yesererani pagalasi, metronome, kamakina kosunga liwiro, ikugunda. Nyimbo zambiri za perete zimayenda pafupifupi mabiti 120 pa mphindi; liwiro limenelo likhazikike m'thupi mwanu. Kandodo kenikeni ndi kopepuka, sikafuna mphamvu. Kale ankagunda pansi ndi ndodo yaitali, ndipo Jean-Baptiste Lully, wopeka nyimbo wa ku France, anadzigunda nayo phazi mu 1687, bala linavunda, n'kumwalira nalo chaka chomwecho. Ife tili ndi mwayi.

5. Phunzirani kumva score m'mutu bandi isanalize

Apa ndikhalitsapo, chifukwa apa m'pamene pali ntchito yonse, ndipo m'pamene olangiza ambiri amadumpha. Manja mungawaphunzire m'miyezi yochepa. Khutu limatenga zaka.

Vuto lake ndi ili. Mukaima kutsogolo koyamba, simumva kanthu. Ndikunena zoona. Mutu wanu uli pa manja, pa tsamba, pa maso a anthu 40 amene akukuyang'anani, ndipo phokoso limangobwera ngati chimvula padenga. Ine tsiku langa loyamba ndinamenya nyimbo yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndinatsitsa manja, ndinati "zabwino, tibwerezenso," chifukwa ndinalibe china chonena. Bambo wina wachikulire wa euphonium anandiyandikira pa nthawi yopuma n'kundinong'oneza kuti ma alto saxophone analiza F-natural m'malo mwa F-sharp nyimbo yonse, kawiri konse. Bandi yonse inamva. Ine ndekha, amene ndinali ndi score m'manja, ndi amene sindinamve. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo khutu linawawa.

Chifukwa chake n'chapafupi: simungamve cholakwika ngati mulibe cholondola m'mutu choyerekezera nacho. Kondakitala amanyamula nyimbo ziwiri nthawi imodzi, ya m'mutu ndi ya m'chipinda, ndipo ntchito yake ndi kusiyana kwa ziwirizi. Ya m'mutuyo imamangidwa muli nokha patebulo, motere.

Yambani ndi kuona nyimbo yonse ngati munthu woyang'ana mudzi ali paphiri. Ili mu kiyi yanji, ikusintha pati, zigawo zake n'zingati, pachimake penipeni ndi pati. Lembani manambala a bar ndi pensulo, pa score ndi pa ma part omwe, kuti tsiku loyeserera musadzataye mphindi zisanu mukusakasaka poyambira.

Kenako imbani mzere uliwonse ndi pakamwa. Wonse, ngakhale wa clarinet yachitatu umene ukuoneka wopanda moyo. Imbani pa mawu amene adzamveke, osati amene alembedwa, ndiye luso la pa nambala 3 lija likugwira ntchito pano. Pamene lilime lanu lapunthwa, ikanipo chizindikiro, chifukwa woimba adzapunthwa pomwepo. Mukatha, gwirani mzere wa tuba pa kiyibodi uku mukuimba nyimbo ya pamwamba, kenako sinthanitsani. Mukatha kusunga mizere iwiri, onjezani wachitatu.

Ndiye pitani pa ma chord aakulu, manotsi angapo omveka pamodzi, makamaka aja okhalitsa kumapeto kwa chigawo, mulembe kuti ndani ali ndi notsi ya tsinde, ndani ali ndi yachitatu, ndani yachisanu. Izi zili ndi phindu lenileni. Mu major chord, notsi yachitatu imakoma ikatsitsidwa pang'ono, pafupifupi ma cent 14 kuchoka pamene kamakina kochunira kakuloza, cent kukhala gawo limodzi mwa magawo 100 a semitone, mtunda wa pakati pa manotsi awiri oyandikana pa piyano. Ngati simukudziwa amene wagwira notsi imeneyo, mudzangoti "chunani bwino" kwa anthu onse, ndipo palibe chidzasinthe.

Zolakwika zambiri mungazilosere musanazimve, chifukwa chida chilichonse chili ndi matenda ake. D ndi C-sharp zapansi pa lipenga zimakwera, n'chifukwa chake pali slide ya valavu yachitatu yoti woimba akankhe. Chitoliro chimakwera chikaliza mokweza, pamene clarinet imatsika. Zida zouzira zikazizira zimatsika, zikatentha zimakwera, choncho kuchuna anthu asanatenthetse zida n'kutaya nthawi. Ndipo kiyi ikasintha pakati pa tsamba, wina adzaiwala, pafupifupi nthawi zonse pa notsi yoyamba imene yakhudzidwa. Izungulizeni ndi pensulo, khutu lanu likadikirire pomwepo ngati mlenje pa una.

Nanga zojambulidwa? Mverani, koma pomaliza, ndipo mverani magulu angapo osiyana. Mukayamba ndi kumvera, mudzaloweza maganizo a munthu wina, ndipo mudzazolowera kutsatira phokoso m'malo molitsogolera. Kumenya mabiti motsatira sipika si kuyeserera ukondakitala. Sipika silakwitsa, sichedwa, ndipo siyang'ana manja anu.

Chomaliza pa mfundo imeneyi n'chowawa koma chimathandiza kuposa zonse. Ikani foni kumbuyo kwa bandi, kamera ikuyang'ana inu, mujambule kuyeserera konse. Madzulo khalani ndi score, mumvere, mulembe chilichonse chimene simunachimve muli pamalopo. Poyamba mndandandawo udzadzaza tsamba. Chaka chikamatha udzafupika. Mudzaonanso nkhope yanu, ndi kuzindikira kuti mutu unali m'buku nthawi yonse pamene ma trombone ankakuyang'anani kuti muwalowetse.

6. Pezani anthu oti muyeserere pa iwo

Woliza lipenga amatenga chida chake kupita nacho kunyumba. Inu chida chanu ndi anthu, ndipo palibe amene adzakupatseni bandi yake kuti muphunzirirepo. Yambani pang'ono. Pemphani kondakitala wanu kuti muzitsogolera mphindi 10 zotenthetsa zida. Pemphani kutenga gulu limodzi, monga ma clarinet okha, mukakonze nawo malo ovuta. Sonkhanitsani anzanu asanu. Dziperekeni ku kalasi ya oyamba kumene, imene aliyense amaithawa. Ana amenewa sadzakubisirani kanthu: biti lanu likakhala losamveka, amangoima. Akatswiri amakuphimbirani zolakwa, n'kukusiyani mukuganiza kuti mumatha.

7. Poyeserera, yankhulani pang'ono

Lowani ndi pepala lolembapo malo amene mukonze ndi mphindi zake. Musayambe pa bar 1 tsiku lililonse, apo ayi chiyambi chidzawala pamene mapeto ali bwinja. Mukaimitsa bandi, nenani zinthu zitatu: ndani, pati, achite chiyani. "Ma horn, bar 32, fupikitsani manotsi." Basi, kwezani manja. Mukapitirira masekondi 20 mukuyankhula, a ng'oma kumbuyo ayamba kale nkhani zawo. Konzani nthawi ndi manotsi poyamba, kenako kachunidwe, kenako kakomedwe. Pofuna kuti mawu agwirizane, mangani kuchokera pansi: tuba ndi zida zamawu aakulu zimveke mokwanira, malipenga ndi zitoliro zikhale pamwamba pake mosaphimba. Woimba amene sakumva tuba ndiye kuti iyeyo akukweza kwambiri.

Musachititse munthu manyazi pagulu. Wolakwa amadziwa kale, ndipo wamantha amauzira mofooka, chida n'kutsika, n'kulakwanso.

Posankha nyimbo, cholakwa cha aphunzitsi atsopano n'chimodzi: amasankha imene iwo akuilakalaka, osati imene bandi ingaimbe. Osindikiza ambiri amaika nyimbo za bandi m'magiredi, kuyambira 1 mpaka 6. Ngati anthu anu sangathe kuiwerenga kufika kumapeto tsiku loyamba, ngakhale mopunthwapunthwa, yakula. Nyimbo yophweka yoimbidwa mokoma imaphunzitsa zambiri kuposa yovuta yongopulumukira.

Mukatuluka panja pa bwalo, kumbukirani kuti phokoso limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Woimba amene ali mamita 34 kutali amamva ng'oma mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo zimenezo n'zokwana kupasula nyimbo. Aphunzitseni kukhulupirira maso.

8. Mapepala ndi ntchito

Njira zake n'zingapo. Yodziwika kwambiri ndi digiri kapena dipuloma ya maphunziro a nyimbo pamodzi ndi chiphaso cha uphunzitsi cha dziko limene mukufuna kugwiramo ntchito, chifukwa sukulu zambiri sizilemba munthu wopanda chiphaso ngakhale ataimba motani. Ina ndi ya usilikali kapena upolisi, kumene mumalowa monga woimba n'kumakwera. Ina ndi ya m'mipingo: a Salvation Army akhala ndi mabandi kuyambira 1878 ndipo aphunzitsa oimba malipenga ambiri m'maiko osiyanasiyana. Mayeso a ABRSM ndi a Trinity College London, mabungwe a ku Britain oyesa oimba, a chida ndi a theory, amafika giredi 8 ndipo amadziwika m'maiko ambiri, choncho ndi umboni wabwino kwa amene sanapite ku koleji ya nyimbo. Masters ya ukondakitala ndikulangizani kuti idikire mutaphunzitsa zaka zingapo. Mukapita mulibe mafunso anuanu, mudzangobwerako ndi manja okongola.

Musanyoze sukulu yaing'ono. William Revelli anayamba ndi ana a sekondale m'tauni ya Hobart ku Indiana, anaisandutsa bandi yopambana mipikisano ya dziko lonse, ndipo kuchoka pamenepo anakatsogolera mabandi a University of Michigan kuyambira 1935 mpaka 1971. Frederick Fennell, amene anayambitsa Eastman Wind Ensemble mu 1952 ndi maganizo oti part iliyonse igwiridwe ndi munthu mmodzi, nayenso anali mphunzitsi. M'dziko la mabandi, mayina aakulu ambiri ndi a anthu a m'kalasi.

Pofunsira ntchito adzafuna kanema. Tumizani ya kuyeserera, yoonetsa nkhope yanu, pamene mukuimitsa bandi, kukonza chinthu, ndipo chikumveka kuti chakonzeka. Ya konsati imangoonetsa suti.

9. Zimene si nyimbo, koma zidzadya theka la sabata yanu

Mudzakhala mmisiri: kumasula mouthpiece (poika milomo paja) yokanirira, ndipo chonde osati ndi pulayazi, pali kachipangizo kake, kuthira mafuta m'mavalavu ndi kuwabwezera pa nambala zake, chifukwa valavu yolowa molakwika imatseka mpweya wonse mwana n'kuganiza kuti wathyola lipenga. Mudzakhala wosunga mabuku, wolemba chida chilichonse ndi nambala yake ndi dzina la amene wabwereka. Mudzakhala wopempha ndalama kwa akuluakulu amene amakumbukira bandi tsiku la mwambo lokha. Mudzayankhula ndi kholo limene likufuna kuti mwana wake asiye kuti alimbikire masamu. Ndipo chaka chilichonse oimba anu abwino kwambiri adzamaliza sukulu n'kupita, inu n'kuyambanso ndi ana amene sadziwa mbali youzira. Choncho kulemba oyamba kumene si ntchito yapambali. Bandi ya zaka zitatu zikubwerazi ndi ana amene mwawapatsa zida mwezi uno, ndipo onse akasankha saxophone ndi ng'oma, mudzasowa tuba. Anyengerereni msanga.

Tetezaninso makutu. Muyezo umene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amagwiritsa ntchito ndi phokoso la ma decibel 85 kwa maola 8, ndipo mukawonjezera atatu nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa 100 yatsala mphindi 15 zokha. Malipenga ndi ng'oma m'chipinda chaching'ono cha makoma ouma zimafika pamenepo mosavuta, ndipo inu mwaima pamene malipenga onse aloza. Gulani zotsekera m'makutu za oimba, zimene zimatsitsa phokoso mofanana osalisokoneza, muzivale makamaka pa kalasi ya oyamba kumene ndi poyeserera za perete m'nyumba. Mukayamba kumva kulira kwa nkhululu m'khutu usiku mutagona, pitani akakuyezeni sabata yomweyo.